Galasi Losweka Popanda Mwala

Linali Lachitatu, 2 koloko masana, mu Januwale wa 1999. Nthawiyo sindingaiphonye chifukwa wayilesi inali itangoinena kumene, ine n'kutambasula dzanja kuti ndiitseke, mabatire angathe. Ndinali pamphasa kuchipinda, ndikuyamwitsa Lusiya. Inde Tadala, Lusiya amayi ako omwewa, amene amakuthamangitsa ndi tsache ukalowa m'nyumba ndi matope. Nthawi imeneyo anali atangokwanitsa chaka chimodzi, mano anayi okha m'kamwa, koma oluma ngati a khoswe.

Mvula inali itagwa masiku atatu osapuma, ndipo tsiku limenelo inali itangokata. Kunja kunali zii. Ana a m'mudzi anali asanatuluke, nkhuku zili duu pansi pa nkhokwe. Kenaka ndinangomva kuti tswa! Phokoso lake silinali lalikulu, linali ngati munthu waponda chigoba cha nkhono. Nditakweza maso ndinaona galasi lam'munsi la zenera lathu lili ndi mzere wochokera pakona. Ndikuyang'ana chomwecho, mzerewo unayamba kuyenda wokha, pang'onopang'ono, kukhota pang'ono, mpaka unakafika mbali inayo. Ndinaona ndi maso angawa. Panalibe munthu, panalibe mwala.

Ndinadziwa chimene chikubwera. Agogo anu aamuna anali atalumbira kale kuti likadzaswekanso galasi lina, adzazula zeneralo n'kubwezeretsapo njerwa. Ndipo ine ndinali nditaona kale chimene chipinda chotseka ndi njerwa chinachita pachifuwa cha mwana wanga.

Koma ndathamanga. Ananu simungaimve bwino nkhaniyi ngati simudziwa kuti galasi linali chiyani kwa ife. Inu mwabadwa mukuona magalasi paliponse, pazenera, pagalimoto, ngakhale m'manja mwanumo pamafoni amene mumalimbirana mpaka kulira. Pemphero, ndikunena iwe. Ine kwathu, kufupi ndi Guilleme, nyumba imene ndinabadwiramo inali yamdindo, yofolera ndi udzu. Zenera lake linali kabowo koti mphaka akafuna kudutsapo ankayamba waganiza. Dzuwa likamalowa amayi ankatsekapo ndi chisanza, m'mawa n'kuchotsa, ndipo kukonza zenera kunkathera pomwepo: chisanza chikatha, wapeza china. Mvula sinkafika n'komwe pakhoma, chifukwa denga la udzu linkatsika kutali, kuphimba khonde lonse ngati chipewa cha mlaza. Tinkakhala pakhondepo mvula ili pakati, tikuswa mtedza wa mbewu, osanyowa ngakhale chala.

Galasi lenileni ndinaliona koyamba kusukulu ya kumishoni. Aphunzitsi akulemba pabolodi, ine maso ali pazenera, kudabwa kuti chinthu cholimba chonchi chikulola bwanji dzuwa kudutsa, koma mphepo n'kuikaniza. Ndinali mwana wachidwi. Tochi ya abambo ndinaimasulapo mobisa kuti ndione kumene moto wake umagona. Koma kufunsa kokha ndiko kunkandikanika, dzanja langa silinkakwera m'mwamba. Ndinalekezera Sitandade 4 ndisanafunse funso ngakhale limodzi. Munthu wamkulu akandilankhula, mawu ankathawira m'mimba, n'kutsala ndikukanda pansi ndi chala chakuphazi.

Manyazi omwewo ndinabwera nawo kuno kwa Chiosya, agogo anu a Fabiyano atanditenga chitengwa. Mtengwa ndi mlendo, ananu, amayenda moyang'ana poponda. Akazi a pachitsime anatha mwezi wathunthu akukangana ngati ndimalankhula kapena ayi. Ena ankayamikira kuti Nambewe, mkazi wa a Fabiyano, ndi waulemu. Sunali ulemu umenewo. Anali mantha.

Chaka chimenecho fodya anachita bwino, ndipo agogo anu anaumba njerwa, kuotcha, n'kumanga nyumba yakale ija imene pano timasungiramo matumba a chimanga. Malata anagula ongokwanira, moti anangotulukira pakhoma kutalika kwa chikhatho. Ife tinkaona ngati umo ndi mmene nyumba yamakono imakhalira. Mabowo a mazenera anasiya awiri, lina kum'mawa pabalaza, lina kumadzulo kuchipinda, ndipo onse anawatseka ndi njerwa podikira chaka china chabwino. Simunazione nyumba zotere panjira ya ku Kamwendo? Zimaoneka ngati munthu wotsinzina. Zina zimatsinzina choncho mpaka mwini wake kumwalira.

Lusiya ndinabwera naye kuchokera kuchipatala n'kulowa naye m'nyumba yotsinzinayo, dzinja lili pakati. Masana enieni ndinkayatsa koloboyi kuti ndione posintha thewera, ndipo utsi wa parafini unkangozungulira momwemo, kusowa potulukira. Makoma ankachita thukuta. Nsapato za agogo anu zopitira kutchalitchi zinamera chuku, bulangete linkanunkha ngati galu wonyowa. Mwana anayamba kutsokomola, chifuwa chake chikulira ngati kamwana ka mphaka. Katatu konse ndinapita naye kuchipatala cha kumishoni. Ulendo wachitatu namwino anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mayi, kodi mwanayu mumamugoneka mumtsuko?" Ine ndinangoweramitsa mutu. Anati mankhwala atipatsa, koma mwana akufunika chipinda cholowa dzuwa ndi mpweya, apo ayi tizingobwerabwera mpaka tsiku lina tidzabwera mochedwa.

Mawu amenewa ndinayenda nawo sabata ziwiri ndisanawauze agogo anu. Nditawauza, nkhope ili kukhoma, sanakane. Agogo anu ndi munthu wabwino, kungoti mtima wawo ndi wapachala. Atagulitsa fodya anaitana amalume awo, a Gerevaziyo, amene anali kalipentala wa mudzi wonse. Zitseko, mabenchi a kutchalitchi, mabokosi a maliro, zonse zinkatuluka m'manja mwawo. Masiku ano mukafuna zenera mumangopita kwa owotcherera zitsulo, madzulo mwalitenga. Nthawi imeneyo zenera linkayambira kumtengo. Amalume anagwetsa bulugamu wa kumunda kwathu, kucheka matabwa ndi sowo ya anthu awiri, wina pamwamba wina m'dzenje, n'kukhoma mafelemu, zenera lililonse la magalasi anayi. Magalasiwo agogo anu anakagula ku Kamwendo. Anawakulunga m'bulangete lathu logona, kumangirira pakaliyala, ndipo njira yonse njingayo sanaikwere. Anaikankha wapansi, akukalipira aliyense wofuna kuwapatsa moni wapadzanja.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Amalume anapala matabwa aja mosamala mpaka galasi lililonse linkalowa mothina bwinobwino, kenaka n'kulitchinga ndi timatabwa topyapyala tokhomera ndi timisomali. Atamaliza anabwerera m'mbuyo, manja ali m'chiuno.

"Fabiyano, taona ntchito iyi. Apa ngakhale nyerere ipemphe bwanji, siidutsa."

Za penti anagwirizana kuti tidzaona chaka chamawa.

Ananu, tsiku loyamba kuwala kulowa kuchipinda kuja ndinachita manyazi ndi nyumba yanga yomwe. Ndinaona akangaude amene ndinakhala nawo chaka chonse osadziwana. Ndinaona kuti fumbi limavina m'dzuwa, ndipo ndinakhala pansi kulionerera ngati ndilibe ntchito. Akazi anzanga anayamba kudzera kuseri kwa nyumba yathu popita kutchalitchi, ati ndi njira yachidule, chonsecho akufuna kudziyang'anira pagalasi n'kukonza duku. M'mawa uliwonse ndinkatsekula mazenera onse awiri, mphepo n'kudutsa. Kutsokomola kwa Lusiya kunatha ngati wina wachita kuchotsa ndi dzanja.

Galasi loyamba linasweka mu Disembala, mvula yamphamvu itayamba, ife tili ku Misa. Linali la zenera lakumadzulo lomwelo. Apa ndiyenera kukuuzani za matipate. Tinkayembekezera chisankho chachiwiri cha zipani zambiri, ndipo ndale zinali zitalowa mpaka m'mbale zodyera. Agogo anu anali ndi chipani chawo, mng'ono wawo, alamu anga a Simoni, analinso ndi chawo. Ana a bere limodzi, nyumba zoyang'anizana, koma akakumana panjira aliyense ankaimika dzanja kuonetsa chizindikiro cha chipani chake m'malo mwa moni. Tsono agogo anu atangoona galasi losweka, mlandu anauweruza okha: ndi Simoni, kapena anzake a Simoni. Anamatapo chipepala cha pulasitiki cha kuchigafa cha fodya, n'kulumbira pabwalo mokweza kuti mudzi wonse umve.

"Sindingamagulire anthu ansanje chogenda ine. Likaswekanso lina, njerwa zibwerera!"

Njerwazo zinalipo ndithu, zili mulu kuseri kwa nyumba.

Tsono tibwerere ku Lachitatu lija. Lusiya atagona ndinamusiya pamphasa n'kutuluka kuzungulira kuseri. Mantha analipo, koma chinandikoka kwambiri ndi chidwi. Chinthu chingasweke bwanji chokha? Pansi pa zenera dothi linali lonyowa, losalala, lopanda phazi la munthu ngakhale limodzi, timaenje ta madzi odontha kudenga basi. Mwala sindinaupeze. Ndinakumbukira galasi la kusukulu limene ana ena analiswa ndi legeni. Lija linali ndi bowo pakati, ming'alu ikutuluka mbali zonse ngati miyendo ya kangaude. Lathuli linali ndi mng'alu umodzi, ndipo unayambira m'mphepete, pamene galasi limakumana ndi thabwa.

Ndinagwira thabwalo. Linali lozizira, lakuda ndi madzi. Mvula ya kuno mukuidziwa, ikabwera ndi mphepo imakonda kuchokera mbali ya ku Zambia, ndipo imagwa chopendeka. Masiku atatu onse aja inkamenya zenera limeneli, popeza malata athu anali aafupi, osaliteteza. Ndinakumbukiranso kuti chiyambire Khirisimasi zeneralo linkavuta kutsekula, ndinkachita kulimenya ndi chibakera.

Ndinagogoda ndi chala galasi limodzi losasweka. Linangoti du du, ngati ukugogoda khoma. Ndinathamangira kutsogolo, kuzenera lakum'mawa kumene mvula sinkafika kwenikweni. Nditagogoda linayankha kuti ngwe ngwe, likugwedera pang'ono. Ndinabwerera kuseri: du du. Kutsogolo: ngwe ngwe. Wondiona akanati mtengwa uja wazungulira mutu. Ndinaizungulira nyumbayo kanayi, makutu akumva koma mutu osamasulira.

Anandimasulira ndi matewera. Ndinkafuna ndowa yoti ndichapiremo, ndipo ndowayo inali pansi pa malata, yodzaza madzi a mvula, khasu langa lili momwemo. Ndinali nditaliviika Lolemba chifukwa linkagwedera pampini. Ananu khasu likagwedera mumangoliponya pakhonde, ati lawonongeka, kuti mupeze chothawira kumunda. Ife tinaphunzira tili ana kuti mutu wa mpini ukamwa madzi umafufuma, n'kuluma msuka wa khasu mwamphamvu. Ndinalivuula m'madzimo n'kuligwedeza monga mwa chizolowezi. Linali gwa, osasuntha. Ndinaima pomwepo, madzi akudonthera pamapazi panga, maso ali pazenera. Ngati mtengo wonyowa ungalume chitsulo chotere, nanga galasi?

Ndinasangalala ngati mwana wopeza chisa cha mbalame. Koma chisangalalocho sichinachedwe kuzirala, chifukwa kudziwa ndi kwina, kunena ndi kwina. Ndikanena, ndiye kuti ndikutsutsa mwamuna wanga, komanso ndikuloza chala ntchito ya amalume, munthu amene mwa mwambo ndi apongozi anga. Chibwerereni pamudzi pano ndinali ndisanalankhule nawo kupitirira moni, ndipo moniwo ndinkapereka nditagwada chapatali.

Cha m'ma 4 koloko agogo anu anafika kuchokera kuchigafa, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Anaima pazenerapo kanthawi. Ine sanandifunse kanthu. Anangotembenuka n'kukuwa moyang'ana nyumba ya mng'ono wawo.

"Simoni! Tuluka udzaone ntchito yako!"

A Simoni anatuluka akudya mango. "Kwagwanji achimwene? Chipani chanu chagwa chisankho chisanafike?"

"Usandiseke iwe. Galasi lachiwiri ili."

"Achimwene, ine ndikafuna kukugendani ndidzakugendani ndi voti. Mwala ndi wa ana."

"Voti yako ya anthu akuba mbuzi!"

"Mbuzi zake ziti? Inu muli ndi mbuzi?"

Anthu anayamba kusonkhana, monga mukudziwa kuti mvula ikakata aliyense amafuna choonera. Agogo anu anapita kukatenga amalume, ndipo pobwera anayamba kuponda matope pafupi ndi mulu wa njerwa uja. Amalume anafika ndi hamala ndi tchizulo, nkhope ili yakugwa, popeza palibe mmisiri amene amakonda kuzula ntchito yake. Analowetsa tchizulo pakati pa thabwa ndi khoma, n'kukweza hamala.

Lusiya anali atadzuka, ine nditamubereka. Mutu wake unali pamsana panga, ndipo ndinkamva kupuma kwake, kosalala, kopanda kaphokoso kaja. Sindikudziwa kuti miyendo inandinyamula bwanji. Ndinangopezeka ndagwada pamatope, chapatali ndi amalume, khasu lili m'manja.

"Bambo a Lusiya," ndinatero. Palibe anamva. Ndinabwereza. "Bambo a Lusiya, palibe wagenda."

"Ukuti chiyani Nambewe? Pita m'nyumba, izi n'za amuna."

"Taima Fabiyano," anatero amalume, akutsitsa hamala. "Apongozi ali ndi mawu. Chibwerereni chawo ndi lero ndikuwamva, usandimanitse. Nenani mayi."

"Ndinalipo," ndinatero, maso ali pansi. "Lasweka ndikuona. Panalibe munthu."

"Ndiye laswa ndani?" anafunsa agogo anu. "Mfiti?"

"Thabwa."

Anthu anafa nacho chiseko. A Simoni anati, "Mwamva achimwene? Thabwa nalonso lalowa chipani chathu." Makutu anga anatentha, ndinalakalaka nditasanduka nyerere. Ndinangokankha khasu lija pansi kuti lifike kwa amalume.

"Lolemba limagwedera," ndinatero. "Ndinaliviika."

Amalume anatola khasulo n'kuligwedeza. Anandiyang'ana ine, anayang'ana zenera. Iwo okha sanaseke.

"Chinanso, apongozi?"

"Mugogode galasi la kuno, kenaka mukagogode la kutsogolo."

Amalume, munthu wamkulu wa imvi, anazungulira nyumba monga ndinachitira ine, gulu lonse likuwatsata pambuyo ngati nkhuku zotsata wonyamula lichero. Kuseri du du, kutsogolo ngwe ngwe. Atabwerera anazula timatabwa totchinga galasi losweka lija n'kuyesa kulitulutsa ndi zala. Linakana. Mu Okutobala linalowa ndi dzanja lomwelo, koma tsopano thabwa linali litaliluma mbali zonse zinayi, moti anachita kulitulutsa zidutswazidutswa.

Anakhala pamulu wa njerwa uja n'kuyamba kuseka okha, akupukusa mutu. "Beira," anatero. "Ha! Beira."

Anatiuza kuti ali mnyamata anagwirapo ntchito ku Beira, m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene ati mpweya weniweniwu ndi wonyowa, mchere ukagona m'mbale umadzuka uli madzi, ndipo msomali umachita dzimbiri usanaukhome. Kapitawo wawo kumeneko, poika galasi, ankasiya mpata wolowa kamtengo ka machesi mbali zonse, ndipo sankalola thabwa kukwera pakhoma lisanamwe penti kawiri.

"Ine ndinkati bamboyu sadziwa kuyeza," anatero amalume. "Ndinkamuseka mumtima, ndikuti ndikadzafika kwathu ndidzaika zothina, anthu aone mmisiri. Zaka zonsezi ndakhala ndikuika magalasi kumaesiteti, m'nyumba za makhonde aakulu zoti mvula siifika pazenera, ndiye bodza langa silinkaululika. Lero ndagwidwa pamudzi panga pomwe."

A Simoni anapukuta manja pabuluku. "Achimwene, ndikudikira. Pepani alibe chipani."

Agogo anu anayang'ana matope amene anaponda aja. "Tenga mpando ukhale," anatero. Kwa agogo anu kumeneko ndiye kupepesa, ndipo mpaka lero sanawonjezerepo.

Koma nkhani ya njerwa inali isanathe. Mwamuna amene walumbira pabwalo anthu akumva sabwerera msanga. "Kaya ndi mwala kaya ndi thabwa, magalasi akusweka," anatero. "Mvula ikadalipo mpaka Malichi. Ndizingogula ine?" Kenaka anatembenukira kwa ine, ndipo kanali koyamba chikwatiranireni kundifunsa maganizo pagulu. "Iwe wadziwa matendawe, mankhwala ake n'chiyani?"

Ndinati galasi lichepe pang'ono kuti thabwa likamwa madzi lipeze pofufumira. Ndinati thabwalo likadzauma lipakidwe penti. Ndinatinso pali chidutswa cha lata chimene chinatsala pomanga, chili pakhola la nkhuku, tichikhome pamwamba pa zenera chikhale kadenga kake, monga udzu unkachitira kwathu. Mawu onsewa anatuluka kamodzi, ndipo nditamaliza ndinadabwa kuti atuluka mwa ine.

"Kadengako ndikhoma ndine, lero lomwe," anatero amalume. "Magalasi awiri otsalawa ndiwachotsa bwinobwino, ndipale thabwa, apume."

Agogo anu anakanda kumutu. "Chabwino. Koma ine ku Kamwendo sindipitanso. Wodula magalasi uja anandiseka kale kuti ndikuyenda wapansi njinga ndili nayo. Ndiye ndikamuuzenso kuti dulani mopereweza dala? Amene akudziwa apite yekha, akanene yekha. Likafika Loweruka pakadali chipepala, matope awa sindiwataya."

Ankadziwa chimene akunena. Ine ndinali ndisanalowepo ndekha m'sitolo ya zipangizo zomangira, ndipo ngakhale mchere wa paokala ndinkachita kutuma. Mukawafunsa lero adzakuuzani kuti ankafuna kundilimbitsa mtima. Musawakhulupirire. Ankayembekeza kuti ndilephera, lumbiro lawo likhale chikhalire.

Dzuwa lisanalowe amalume anakhoma kadenga kaja, a Simoni akuwagwirira lata, agogo anu akupereka misomali mosayang'ana munthu. Atamaliza, amalume anadula timitengo tiwiri ta nsungwi, kena kutalika kwa malo a galasi, kena m'lifupi mwake. Sanandipatse m'manja, mwambo sulola. Anatiika pakhonde, pamwamba pake n'kusanjikapo timitengo tiwiri ta machesi, ka mbali iyi ndi ka mbali iyo.

M'mawa mwake, Lachinayi, ndinabereka Lusiya, kumanga kandalama kanga ka mtedza pakona ya nsalu pamodzi ndi machesi aja, nsungwi zili m'manja, n'kuuyamba ulendo wa ku Kamwendo. Inu masiku ano mumangoimika njinga yamoto pakhomo pomwe, n'kumadandaula za fumbi. Ine ndinayenda wapansi m'matope, nsapato zili pamutu, mpaka ndinapeza matola. Njira yonse ndinkayeseza mawu chapansipansi, moti mayi amene ndinakhala naye pafupi anaganiza kuti ndikupemphera kolona, nayenso n'kuweramitsa mutu.

M'sitolomo munali amuna okhaokha, ena akugula misomali, ena akungocheza za ndale. Wodula magalasi anali bambo wamtali, pensulo ili kukhutu. Ndinaika nsungwi zanga patebulo pake. Anaziyala pagalasi lalikulu, kugoneka rula, n'kutenga kachida kake kodulira.

"Magalasi awiri," ndinatero. "Koma muchepetseko."

"Mwati bwanji mayi? Kwezani mawu."

Amuna aja anasiya ndale zawo n'kutembenuka. Ndinamasula machesi aja n'kuwagoneka pagalasipo, m'kati mwa muyezo. Kamtengo kamodzi kanagwa pansi, ndinawerama ndi mwana kumbuyo n'kukatola.

"Muchotse apa ndi apa. M'litali chimodzimodzi."

"Lidzagwederatu limeneli, mudzabweza. Bambo a kunyumba akudziwa? Akutumani choncho?"

Ndinakweza mutu n'kumuyang'ana kumaso.

"Sananditume. Zeneralo ndi la kuchipinda kogona mwana wanga. Dulani pamene ndalozapo."

Bamboyo anasuntha rula yake mpaka inagunda machesi anga, n'kudula.